Nkhokwe ya ku Rehden inatichenjeza koma sitinamve: lipoti la gasi wa ku Germany, 2021 mpaka 2023

Lipotili ndalembera anzanga amene timadyera ntchito yosonkhanitsa ndi kumasulira ziwerengero za gasi, mafuta ndi magetsi. Gulu lathu ndi laling'ono. Sabata iliyonse timatumiza tebulo limodzi ndi ndime zingapo kwa makampani ogwiritsa ntchito gasi wambiri, kuti adziwe ngati gasi alipo wokwanira komanso kumene mitengo ikulowera. Mwa makasitomala athuwo muli fakitale ina ya ku Germany yopanga mabotolo agalasi, ndipo nkhaniyi ndiitsata kudzera mwa iwo. Dzina la fakitale ndi la anthu ake sinditchula.

Chimene chimasiyanitsa fakitale ya galasi ndi mafakitale ena ndi ng'anjo. Ng'anjoyo ikayatsidwa imayaka usana ndi usiku kwa zaka khumi kapena kupitirira, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,500. Ikazima mwadzidzidzi, galasi losungunuka limaumira momwemo ndipo njerwa za ng'anjo zimang'aluka. Kuikonzanso ndi ntchito ya miyezi yambiri ndi ndalama zosaneneka. Choncho mkulu woona zogula pa fakitaleyi sankatifunsa za mtengo wokha. Funso lake nthawi zonse linali lakuti: kodi pali tsiku limene paipi yathu ingaphwe?

Mmene zinthu zinalili

Mu 2021 dziko la Germany linagwiritsa ntchito gasi wokwana 1,029 TWh, malinga ndi Bundesnetzagentur, bungwe la boma loyang'anira mapaipi ndi mawaya a magetsi. TWh imodzi ndi mayunitsi 1 biliyoni, a mtundu uja mita ya magetsi imawerenga. Gasi wokumbidwa m'dzikomo, makamaka ku Lower Saxony, ankangokwanira pafupifupi 5 peresenti ya zosowa zawo. Wotsalayo ankachokera kunja, ndipo theka lake n'kupitirira ankachokera ku Russia. Ena onse ankachokera makamaka ku Norway ndi ku Netherlands. Pafupifupi theka la nyumba za m'dzikomo zimatenthetsedwa ndi gasi, zimene zikutanthauza kuti m'nyengo yachisanu gasi amapita kwambiri kuposa mmene mapaipi ochokera kunja angabweretsere tsiku lililonse. Mpata umenewu umatsekedwa ndi nkhokwe za pansi pa nthaka, zimene amazidzaza m'chilimwe n'kumatapamo m'chisanu. Pa nthawiyo zonse pamodzi zinkatha kusunga gasi wochepera pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a gasi wa chaka chonse. Dzikoli linalibe doko ngakhale limodzi lolandirira LNG, gasi amene amamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke wamadzi n'kunyamulidwa pa sitima.

Tebulo lathu pa nthawiyo linali ndi mizere inayi: gasi wolowa, gasi wogwiritsidwa ntchito, mtengo wa pa msika wa TTF wa ku Netherlands, ndi kudzaza kwa nkhokwe za dziko lonse. Mzere womalizawu unali nambala imodzi yokha. Apa m'pamene panagona vuto lathu.

Chizindikiro choyamba

M'chilimwe cha 2021 nkhokwe zinkadzaza mochedwa. Pofika kumayambiriro a Novembala zinali pa 70 peresenti kapena kupitirira pang'ono, pamene zaka ziwiri zam'mbuyo zinkadutsa 90. Zifukwa zinalipo, ndipo zinali zomveka. Epulo wa chaka chimenecho anazizira modabwitsa, moti anthu anapitiriza kutapa m'nkhokwe pa nthawi imene anayenera kuyamba kuthiramo. Mayiko a ku Asia ankagula LNG wambiri chuma chikudzuka pambuyo pa mliri wa COVID-19. Mitengo inali yokwera, ndiye amalonda sankaona phindu logula gasi wodula n'kumusunga. Tinalemba zimenezi m'kalata yathu, n'kuuza fakitale kuti chisanu chikhala chodula koma gasi sasowa.

Mnzathu wina wachitsikana, yemwe anali atangoyamba kumene ntchito, ndi amene anatsegula tsamba la AGSI, pamene bungwe la Gas Infrastructure Europe limaika tsiku ndi tsiku kuchuluka kwa gasi m'nkhokwe iliyonse payokha. Anabwera ndi pepala losindikiza, atazungulira mzere umodzi ndi cholembera chofiira. Unali mzere wa Rehden, nkhokwe yaikulu kuposa zonse m'dzikomo, yosunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a gasi yense wa m'nkhokwe za Germany. Nkhokwe zambiri za makampani ena zinali zodzaza bwino ndithu. Ya ku Rehden sinali itafika ngakhale pa 10 peresenti. Nkhokweyi inkayendetsedwa ndi kampani ya Astora, imene inali m'manja mwa Gazprom, kampani yaikulu ya gasi ya ku Russia, chiyambire 2015, itasinthana katundu ndi BASF, kampani ya ku Germany yopanga makemiko.

Ndikukumbukira zimene ndinamuyankha, ndipo zimandipwetekabe. Ndinati chofunika ndi nambala ya dziko lonse, chifukwa gasi akalowa m'mapaipi sadziwika mwini wake. Ndinawonjezera kuti kampani ya ku Russia ikukwaniritsa mapangano ake onse a nthawi yaitali, zomwe zinali zoona. Chimene sindinachiganizire n'chakuti 70 peresenti ingabwere m'njira ziwiri. Ngati nkhokwe zonse zili pa 70, ndiye kuti msika wonse wakumana ndi vuto limodzi la mtengo. Koma ngati zambiri zili pafupi kudzaza ndipo za mwini mmodzi zili mbee, ndiye kuti pali munthu amene wasankha kusadzaza. Nambala yathu imodzi ija inali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zizindikiro zina zinatsatira. Pa 21 Disembala 2021, pa malo oyezera a Mallnow m'malire a Germany ndi Poland, gasi wa m'paipi ya Yamal, yochokera ku Russia, anasiya kupita kumadzulo n'kuyamba kubwerera kum'mawa. Mu Januwale 2022 mkulu wa bungwe la International Energy Agency ananena poyera kuti Russia ikanatha kuwonjezera gasi wopita ku Ulaya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ikanafuna. Apa m'pamene tinawonjezera mzere wa Rehden pa tebulo lathu, patatha miyezi itatu mnzathu uja atabwera ndi pepala lake.

Nkhondo itayamba

Pa 22 Febuluwale 2022 boma la Germany linaimitsa ntchito yovomereza paipi yatsopano ya Nord Stream 2 yochokera ku Russia, ndipo patapita masiku awiri asilikali a Russia analowa m'dziko la Ukraine. Chisanu chimatha nkhokwe zili pafupifupi pa 25 peresenti, ya ku Rehden itatsala pang'ono kuuma. Pa 30 Malichi boma linalengeza gawo loyamba la ndondomeko ya ngozi ya gasi, ndipo pa 4 Epulo linaika kampani ya Gazprom Germania, nthambi ya Gazprom imene inali mwini wa Astora, m'manja mwa Bundesnetzagentur. Kumapeto a Epulo lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito, lokakamiza kuti nkhokwe zizifika pa mlingo woikika pa masiku oikika.

Mkulu wa zogula uja anatiimbira foni m'sabata imeneyo. Ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi ndi 55 peresenti kapena 52? Nyuzi ndi unduna wa zachuma zinkanena kuti 55 peresenti ya gasi wolowa m'dzikomo ndi wa ku Russia, pamene ziwerengero za pa malire zinkapereka nambala yotsikirapo. Akuluakulu ake ankafuna nambala imodzi yoti aike m'lipoti.

Ndinamufotokozera kuti nambala zonse ziwirizi si zabodza, koma palibe imene ikuyankha funso lake. Germany si msika wokha, ndi njira yodutsamo. Gasi wa Nord Stream 1, paipi yochokera ku Russia yodutsa pansi pa nyanja ya Baltic, ankatsikira ku Lubmin, pafupi ndi Greifswald, ndipo wina ankapitirira kum'mwera kukalowa m'dziko la Czechia. Kumeneko gawo lina linkadutsa m'paipi ya Gazela n'kudzalowanso m'Germany pa Waidhaus. Wowerenga pa malire akapanda kusamala, gasi yemweyo amamuwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri amaoneka ngati wachokera ku Czechia. Mofananamo, gasi wolembedwa kuti wachokera ku Netherlands kapena ku Belgium si onse wokumbidwa kumeneko. Belgium sikumba gasi n'komwe. Gawo lina linali LNG wotsikira pa madoko a Rotterdam ndi Zeebrugge, ndipo wina mwa iye ankachokera ku Russia komweko. Mita ya pa malire imadziwa dziko lomaliza limene gasi wadutsa, siidziwa chitsime.

Pali msampha wina umene ndikufuna anzanga atsopano aumve, chifukwa unatigwira ifenso m'masabata amenewo. Mbali ya Russia imayeza gasi m'makiyubiki mita pa kutentha kwa madigiri 20, pamene ku Germany muyezo wake ndi pa madigiri ziro. Gasi akatentha amatukuka, ndiye kusiyana kumeneku kokha kumasintha nambala ndi 7 peresenti. Ukamasandutsa makiyubiki mita kukhala TWh, palinso miyezo iwiri ya mphamvu ya gasi imene imasiyana ndi pafupifupi 10 peresenti. Ukatenga nambala ya kuno ndi ya uko n'kuziika m'tebulo limodzi osafunsa, umapeza gasi amene kulibe kapena umataya amene alipo. Tinagwirizana kuti kuyambira pamenepo tizilemba zonse mu TWh, kuchokera ku gwero limodzi, ndipo nambala ina iliyonse yobwereka kwina izilembedwa ndi chizindikiro.

Chosankha chachikulu

Pakati pa Juni, Gazprom inatsitsa gasi wa mu Nord Stream 1 kufika pa 40 peresenti ya mphamvu ya paipiyo, imene imanyamula makiyubiki mita 55 biliyoni pachaka. Chifukwa chimene inapereka chinali makina opopera a Siemens Energy amene anapita kokakonzedwa ku Canada n'kukakamira kumeneko chifukwa cha zilango za zachuma zimene Russia inapatsidwa kaamba ka nkhondoyo. Pa 23 Juni boma linakweza ndondomeko ya ngozi kufika pa gawo lachiwiri. Gawo lachitatu, lomaliza, ndi limene fakitale yathu inkaliopa. Likalengezedwa, Bundesnetzagentur ndi imene imagawa gasi, ndipo lamulo limateteza nyumba za anthu, zipatala ndi ntchito zina zofunika. Mafakitale ndi amene amayamba kudulidwa.

Fakitale inali ndi njira ziwiri. Ikanatha kudikira, poganiza kuti makina aja akabwera gasi abwerera. Kapena ikanatha kulowetsa ndalama pokonza ng'anjo imodzi kuti izitha kuyakanso ndi mafuta, n'kuika matanki, n'kupempha zilolezo zake. Ntchito imeneyi ndi ya miyezi, ndiye kuchedwa kusankha kunali kusankha kale.

Tinakhala pansi masiku awiri. Nthawi ino sitinayambe ndi funso lakuti Russia ichita chiyani, chifukwa limenelo palibe tebulo limene lingayankhe. Tinatenga njira zitatu: paipi ikhale pa 40 peresenti, itsike pa 20, kapena iume. Pa njira iliyonse tinaika gasi amene mapaipi a Norway, Netherlands ndi Belgium angathe kubweretsa atatsegulidwa mpaka pa mapeto, tinachotsa wopita kumayiko oyandikana, kenako tinaona mmene nkhokwe zingatsikire m'chisanu chozizira ndi m'chisanu chofatsa. Zimene tinapeza zinali zofanana ndi zimene Bundesnetzagentur inkanena: paipi ikauma, dziko lingadutse chisanu pokhapokha litachepetsa kagwiritsidwe ntchito ndi pafupifupi 20 peresenti, komanso gasi wopita kunja atachepa. Tinaonanso kuti Rehden sangadzaze msanga ngakhale ndalama zitapezeka. Nkhokweyi ndi chitsime chakale cha gasi, ndipo gasi amalowa m'timipata ta mwala pang'onopang'ono, mosiyana ndi nkhokwe zokumbidwa m'miyala yamchere zimene zimadzaza ndi kukhuthuka mofulumira.

Tinalangiza fakitale kuti ikonze ng'anjo imodzi. Chifukwa chathu sichinali chakuti tikudziwa kuti gasi adulidwa. Tinawauza mosabisa kuti mwina sadulidwa. Koma ndalama zokonzera zinali zodziwika ndi zopiririka, pamene ng'anjo youma ikanatha kutseka fakitale. Anavomera.

Paipi ija inatsekedwa pa 11 mpaka 21 Julaye kaamba ka kukonza kwa chaka ndi chaka, inatsegulidwa, kenako pa 27 Julaye inatsika pa 20 peresenti. Pa 26 Ogasiti mtengo wa TTF unadutsa mayuro 300 pa MWh (mayunitsi 1,000), pamene zaka zam'mbuyo unkasewera cha m'ma 20. Pa 31 Ogasiti paipi inatsekedwa kwa masiku atatu ndipo sinatsegulidwenso. Pa 26 Seputembala mapaipi a Nord Stream 1 ndi 2 anaphulitsidwa pansi pa nyanja ya Baltic, pafupi ndi chilumba cha Bornholm.

Kuyeza chimene sichinagwiritsidwe ntchito

Kuyambira Seputembala nkhani yonse inasamukira ku mzere wa kagwiritsidwe ntchito, ndipo uwu ndi mzere wovuta kuposa yonse. Mafakitale akuluakulu ali ndi mita zowerengedwa ola lililonse, ndiye nambala yawo ndi yodalirika. Mita za m'nyumba zimawerengedwa kamodzi pachaka. Nambala ya tsiku ndi tsiku ya nyumba ndi mabizinesi ang'onoang'ono siwerengedwa pa mita, imachita kupezedwa pochotsera zina zonse pa gasi amene watuluka m'mapaipi akuluakulu. Cholakwika chilichonse cha mizere ina chimakathera mmenemo.

Kenako pali nyengo. Kumapeto a Seputembala kunazizira msanga, ndipo m'sabata imodzi nyumba zinagwiritsa ntchito gasi woposa wa zaka zam'mbuyo ndi 14.5 peresenti. Nyuzi zinati anthu sakumva. Okutobala anakhala mmodzi wa ofunda kwambiri m'mbiri ya dzikolo, gasi anatsika kwambiri, ndipo nyuzi zomwezo zinati anthu achita bwino. Zonse ziwiri zinali zopupuluma. Gasi wa m'nyumba amatsata kuzizira kwa panja mokhulupirika, moti usanayamikire kapena kudzudzula munthu uyenera kufunsa kuti pa kuzizira kofanana, zaka zam'mbuyo ankagwiritsa ntchito wochuluka bwanji. Tinayamba kuika kutentha kwa sabata pambali pa nambala iliyonse. Titatero tinaona kuti kuchepetsa kwenikweni kunalipo, kocheperapo kuposa mmene Okutobala ankaonetsera, koma kokhazikika. Pakati pa Disembala kutazizira kwambiri, dziko linalephera kufika pa 20 peresenti ija kwa masabata angapo, ndipo mkulu wa zogula uja ankatiimbira m'mawa uliwonse.

Ndiyeneranso kunena za mawu akuti kuchepetsa, chifukwa amabisa zinthu. Boma linalamula kuti nyumba za boma zisatenthetsedwe kupyola madigiri 19, ndipo anthu ambiri anatsitsa zotenthetsera zawo. Kumeneko n'kusamala. Koma gawo lina la gasi amene mafakitale sanagwiritse ntchito linali la makina amene anazimitsidwa chifukwa mtengo unali wosapiririka, makamaka opanga amoniya wa feteleza. Mu Febuluwale 2023 BASF inalengeza kuti itseka imodzi mwa mafakitale ake a amoniya ku Ludwigshafen. Pa tebulo zonsezi zimaoneka ngati nambala yabwino. Kumbuyo kwake kuli anthu amene ntchito inawathera, ndipo wolemba lipoti ayenera kuzisiyanitsa.

Zotsatira

Nkhokwe zinadutsa 95 peresenti pakati pa Okutobala, tsiku loikika la 1 Novembala lisanafike, ndipo zinadzaza pakati pa Novembala. Gawo lalikulu la gasi wa ku Rehden linagulidwa ndi Trading Hub Europe, kampani yoyendetsa msika wa gasi wa m'dzikomo, ndi ngongole yochokera ku boma, pa mitengo yokwera kwambiri ya chilimwe chimenecho. Mu Okutobala France inayamba kutumiza gasi ku Germany, njira imene kale inkayenda mobwerera. Doko loyamba la LNG linatsegulidwa ku Wilhelmshaven pa 17 Disembala, litamangidwa m'masiku osakwana 200. Gawo lachitatu la ngozi silinalengezedwe. Chisanu chinatha nkhokwe zili pamwamba pa 60 peresenti, ndipo paipi ya fakitale yathu sinaphwe ngakhale ola limodzi. Ng'anjo yokonzedwa ija anaiyatsa ndi mafuta kwa kanthawi, chifukwa cha mtengo osati chifukwa cha kusowa.

Ziwerengero za chaka chonse zitatuluka mu Januwale 2023 zinatiphunzitsa chinthu chimene ngakhale ife sitinachiyembekeze. Gasi wolowa m'Germany anatsika kuchoka pa 1,652 TWh mu 2021 kufika pa 1,449 mu 2022. Woona nambala imeneyi yokha anganene kuti dziko linalandira gasi wochepa ndi 200 TWh. Koma wotuluka anatsika kwambiri kuposa apo, kuchoka pa 749 kufika pa 501. Ukachotsera, gasi wotsala m'dzikomo anakwera, kuchoka pa 900 n'kanthu kufika pa 948 TWh. M'chaka chimene paipi yaikulu inauma, Germany inatsala ndi gasi wambiri kuposa chaka chapitacho. Wogwiritsidwa ntchito anatsika kufika pa 847 TWh, kutsika ndi 14 peresenti poyerekeza ndi zaka za 2018 mpaka 2021, mafakitale 15 ndipo nyumba ndi mabizinesi ang'onoang'ono 12. Wotsalayo ndi amene anadzaza nkhokwe. Norway inakhala patsogolo ndi 33 peresenti ya gasi wolowa, Russia inatsika pa 22. Mu 2023 Norway inafika pa 43 peresenti, ndipo madoko atsopano a LNG, amene ankatamandidwa kwambiri, anabweretsa 7 peresenti yokha.

Apa ndinaona kuti cholakwa changa cha 2021 chinali ndi mbale wake. Poyamba ndinakhulupirira nambala ya nkhokwe za dziko lonse osaiphwanya. Ndikanakhulupiriranso nambala ya gasi wolowa osachotsa wongodutsa, ndikanauza fakitale kuti zinthu zinaipa kuposa mmene zinalili. Tebulo lathu tsopano lili ndi mizere yoposa 20: malo aliwonse a pa malire ali ndi mzere wa wolowa ndi wa wotuluka, nkhokwe zazikulu zili payokhapayokha ndi dzina la woziyendetsa komanso mtundu wake, ndipo kagwiritsidwe ntchito kamalembedwa kawiri, mmene kalili ndi mmene kakanakhalira nyengo ikanakhala yamasiku onse. Tinaikanso lamulo lakuti wina aliyense m'gulu akabwera ndi mzere wokayikitsa, umalowa m'kalata ya sabata yomweyo, ngakhale wamkulu asanakhutire nawo.

M'chilimwe cha 2025 mzere wa Rehden unafiiranso. Nkhokweyo tsopano ili m'manja mwa SEFE, kampani ya boma la Germany imene inalowa m'malo mwa Gazprom Germania, koma inali pafupifupi yopanda kanthu. Ulendo uno tinaufufuza tsiku lomwelo. Chifukwa chake chinali china: mtengo wa gasi wa m'chilimwe sunkasiyana mokwanira ndi wa m'chisanu, ndiye amalonda sankafuna kubwereka malo m'nkhokwe yodzaza mochedwa ngati imeneyi, ndipo boma linali litatsitsa mlingo wake wa pa 1 Novembala kufika pa 45 peresenti. Amene analemba ndime ya sabata imeneyo kupita ku fakitale ya mabotolo anali mnzathu wa cholembera chofiira uja, yemwe pano ndi amene amayang'anira gawo la nkhokwe m'gulu lathu.